NAMULONDOLA WA NDEGE YA NKHONDO: MAPHUNZIRO ACHE NDI ZOMUYENEREZA

Nkhani youlutsidwa pa wailesi m'nthawi ya mafumu ndi alimi



Ndege ikamadutsa pamwamba pa mudzi, ana amasiya masewera nathamangira pabwalo, ndipo ngakhale ife akuru timaimika khasu ndi kuyang'ana kumwamba. Mukafunsa mwana kuti, "Kodi m'ndegemo muli yani?" iye ayankha kuti, "Muli woyendetsa." Wayankha bwino, koma sanatsirize. M'ndege zambiri za nkhondo mumakhala munthu winanso amene sagwira chiongolero, komabe ndiye auza woyendetsa kumene ayenera kuloza ndi nthawi imene adzafika. Angerezi amamutcha navigator. Ife m'nkhani yino timutcha namulondola, monga titchulira munthu wotsogolera alendo m'tchire losadziwika. Lero tikamba za nchito yache, za maphunziro ache, ndi za zimene akuru a nkhondo afuna kuona mwa munthu asanamlandire.

Kapena wina ali kunena mumtima kuti, "Nanga ife alimi, za ndege zitikhudza bwanji?" Tamverani. M'chaka cha 1944 asilikali a KAR ochokera m'dziko lathu lino, limene pa nthawiyo linkatchedwa Nyasaland, anali ku Burma kumenyana ndi Ajapani. Anali m'gulu lalikuru lotchedwa 11th East African Division, ndipo anayenda m'chigwa cha Kabaw m'nyengo ya mvula yaikuru, mpaka gululo linafika ku Kalewa pa mtsinje wa Chindwin m'mwezi wa December. Miseu inali matope okhaokha ndipo magalimoto ankatitimira. Chakudya chambiri, zipolopolo ndi mankhwala zinkadza ndi ndege zotchedwa Dakota, zimene zinkaponya katundu pa malo olambulidwa pakati pa nkhalango. Taganizani, kabwalo konga dimba, kobisika pakati pa mapiri ndi mitambo, koma ndege ichokere kutali ndi kukapeza. Namulondola akaphonya, asilikali agona ndi njala. Chotero agogo athu amene anali kumeneko anadya masiku ambiri chifukwa cha masamu a munthu amene sanamuonepo nkhope.

KUMWAMBA KULIBE MSEU

Munthu woyenda pansi ali ndi zomthandiza zambiri. Ali ndi njira yopondeka, ali ndi mlambe umene audziwa, ndipo akasokera aima pa mudzi nafunsa. Wa m'ndege alibe zonsezi. Sangaime panjira. Usiku, kapena pamwamba pa mitambo, saona kanthu pansi. Ndipo mafuta ali kutha mphindi iri yonse.

Tsono namulondola adalira zinthu zitatu zimene angathe kuziyesa. Choyamba, kumene mphuno ya ndege yaloza, ndipo kampasi ndiyo imuuza. Chachiwiri, liwiro la ndege. Chachitatu, nthawi imene yapita, ndipo wotchi ndiyo imuuza. Ndege yoyenda mailosi 200 pa ola, ikaloza kumpoto kwa ola limodzi ndi theka, iyenera kukhala pa mailosi 300 kumpoto kwa bwalo limene yanyamukira. Kwa inu ozolowera makilomita, mailosi 5 ndiwo makilomita 8. Kufikira apa masamu ndi apafupi, mwana wa ku pulaimale angawathe.

Chobvuta ndicho mphepo. Inu a m'mbali mwa Shire mudziwa kuti wopalasa bwato, pofuna kuolokera pa dooko la tsidya lija, salozetsa bwato pa dookopo ai. Alozetsa chakumtunda, kuti madzi pomkankha amfikitse pamene afuna. Mpweya wa kumwamba uli ngati mtsinje womwewo, koma wosaoneka. Pa ulendo uja wa ola limodzi ndi theka, mphepo ya mailosi 30 pa ola ikaomba kuchokera m'mbali, ndipo namulondola akapanda kuiwerengera, ndege idzapezeka pa mailosi 45 kutali ndi kumene inali kunka. Mphepo ya mailosi 50 pa ola ikaomba kuchokera kutsogolo, ndege iyenda mailosi 150 okha pa ola, ndipo ulendo womwewo utenga maola 2. Ngati mafuta anali a ola limodzi ndi theka, mwaona kale chimene chichitika.

Palinso china. Kampasi igawidwa m'zigawo 360 zotchedwa madigiri. Digiri imodzi ndi kanthu kakang'ono, koma mukaiphonya, pa mailosi 60 ali onse mupatuka ndi mailo imodzi. Pa ulendo wa mailosi 600 mwapatuka ndi mailosi 10. Ndi monga mlimi wolima mizere popanda chingwe: poyamba kukhota sikuoneka, koma kumapeto kwa munda mzere walowa m'munda wa mnansi.

Chifukwa chache namulondola sakhulupira masamu ache okha, koma awayesa ndi maumboni ena. Masana ayang'ana pansi, nafananiza mtsinje, njanji, phiri kapena gombe la nyanja ndi zolembedwa pa mapu. Usiku afunsa nyenyezi. Makolo athu ankadziwa nthawi poona Nthanda, Nsangwe ndi Akamwiniatsatana; namulondola apitirira apo, pakuti ayesa msinkhu wa nyenyezi pamwamba pa dziko ndi chida chotchedwa sextant, nalemba nthawi yeniyeni, natsegula buku la manambala. M'buku lotero mwasankhidwa nyenyezi zowala 57. Akayesa nyenyezi ziwiri kapena zitatu alemba mizere pa mapu, ndipo pamene mizereyo ikomana, pamenepo ndi pamene ali. Koma wotchi ikanama ndi masekondi 4 okha, kwa ife okhala m'maiko otentha malo aphonyeka ndi mailo yathunthu. Umboni wachitatu ndiwo wailesi, ndipo tiukamba posachedwa.

PHUNZIRO LOWAWA LA 1941

Kuti tione bwino m'mene namulondola aphunzirira, titenge chitsanzo cha gulu la ndege za nkhondo la Britain, lotchedwa Royal Air Force kapena RAF, m'nkhondo yaikuru ya 1939 mpaka 1945. Pamenepo ndi pamene nchitoyi inapatulidwa kukhala nchito ya payokha.

Poyamba pa nkhondo RAF inalibe namulondola wogwira nchito imodzi yokhayi. Munthu mmodzi, wotchedwa observer, ankalondolera njira, iye yemweyo nkuponya mabomba, nthawi zina nkugwiranso mfuti. Ndege zinkanka ku Germany usiku, ndipo pobwera anyamata ankanena kuti afika pamene anatumidwa. Sankanama dala, ankakhulupiradi chomwecho.

Koma m'ndege zina munali makamera ojambula pansi pa nthawi yoponya mabomba. M'chaka cha 1941 Boma linapatsa munthu wina wa m'ofesi, dzina lache David Bensusan-Butt, zithunzi zoposa 600 zojambulidwa m'miyezi ya June ndi July kuti azifufuze. M'mwezi wa August anatulutsa zimene anapeza. Mwa ndege zimene zinati zafika, imodzi yokha pa 3 ndiyo inafika mkati mwa mailosi 5 a malo otumidwa. Ku chigawo cha mafakitale cha Ruhr, kumene kunali utsi ndi mizinga yambiri, inali imodzi pa 10. Anyamata anali kufa, mafuta anali kutha, koma mabomba ambiri anali kugwera m'minda.

Akuru anabvomera kuti chilema chinali m'kulondolera. M'chaka cha 1942 anagawa nchito ija pawiri: woponya mabomba payekha, namulondola payekha, aliyense ndi maphunziro ache. Namulondola anapatsidwa chizindikiro chobvala pachifuwa, phiko limodzi ndi chilembo cha N. M'August wa chaka chomwecho anakhazikitsa gulu la akatswiri lotchedwa Pathfinder Force, lotsogola kukaika miuni ya mitundu pa malo otumidwa kuti otsatira aone. Mtsogoleri wache anali Donald Bennett wa ku Australia, katswiri wa kulondolera amene analemba buku la nchitoyi nkhondo isanayambe.

ZIMENE ANKAFUNA MWA MNYAMATA

Palibe amene ankakakamizidwa kukwera ndege ya nkhondo. Onse a m'ndege za RAF anali odzipereka okha, ndipo ambiri anali anyamata ongopitirira pang'ono zaka 20. Koma kudzipereka kokha sikunali kokwanira. Munthu ankayesedwa pa zinthu zitatu.

Choyamba, thupi. Dokotala ankapima mtima, mapapo, makutu ndi maso. Ankaonetsetsa kuti munthuyo asiyanitsa bwino mitundu, makamaka chofiira ndi chobiriwira, pakuti nyali za pa bwalo la ndege ndi zizindikiro zochenjeza zilankhula ndi mitundu imeneyi. Alipo amuna ambiri amphamvu amene sasiyanitsa mitundu iwiriyi, ndipo sadziwa kufikira tsiku lopimidwa. Si matenda opatsirana, ndi chibadwa, koma chimtsekera munthu khomo la nchitoyi.

Chachiwiri, mutu. Ankalemba mayeso a masamu ndi a nzeru za zinthu zosiyanasiyana, kenaka nkuima pamaso pa maofesala kuyankha mafunso. Sankafuna masamu a pa yunivesite ai, koma masamu a tsiku ndi tsiku ochitidwa msanga ndi mosaphonya: kuonkhetsa, kuchotsera, kuchulukitsa, kugawa, ndi kudziwa makona. Anyamata ambiri ankadza ndi mtima wofuna kuyendetsa ndege, koma amene anaoneka akuthwa pa masamu ankapatulidwa kuti akhale anamulondola. Ena ankadandaula, osadziwa kuti apatsidwa nchito yofuna mutu koposa zonse za m'ndege.

Chachitatu, mtima. Ichi sichipimika ndi chida, koma aphunzitsi ankachiona m'kupita kwa miyezi. Kodi munthuyu alemba mwaukhondo? Kodi akalakwa abvomera, kapena abisa? Kodi zinthu zikathina apupuluma, kapena adekha? Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo pa nchito iyi mwambiwu ndi lamulo.

MAKWERERO A MAPHUNZIRO

Wolandiridwa sankakwera ndege msanga. Ankayamba ndi miyezi iwiri kapena itatu pansi, ku sukulu yoyambira. Kumeneko ankaphunzira perete ndi mwambo wa usilikali, masamu, kawerengedwe ka mapu, za mitambo ndi mphepo, kulankhulana pa wailesi ndi zizindikiro za Morse, ndi kuzindikira ndege ya adani pongoona maonekedwe ache.

Atapambana apo, ambiri ankakwera sitima ya pamadzi kunka kunja. Ku Britain kunali kopanikiza: mitambo yambiri, malo ochepa, ndi adani pafupi. Tsono pa 17 December 1939 maboma a Britain, Canada, Australia ndi New Zealand anapangana zophunzitsira a m'ndege ku Canada. Pofika 1945 dzikolo linali litatulutsa anthu oposa 131,000, ndipo mwa iwo pafupi 30,000 anali anamulondola. Sukulu zina zinali ku South Africa ndi ku Southern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zimbabwe. Kumeneko sukulu yoyamba inatsegulidwa mu 1940 ku Belvedere mu Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare, ndipo anamulondola ankaphunzira pa bwalo la Moffat pafupi ndi Gwelo, lero Gweru. Anthu athu amene anali pa nchito m'dziko limenelo zaka zimenezo ankaziona ndege zophunzitsirazi zikuzungulira tsiku ndi tsiku.

Ku Canada maphunziro a namulondola anafika pa masabata 20. M'kalasi ankaphunzira kugwira zida zache: mapu, pensulo yosongoka, rula, choyesera makona, wotchi, sextant, ndi kachida kozungulira kowerengera mphepo kamene anakapanga Philip Dalton wa ku America. Kenaka ankakwera ndege ya mainjini awiri yotchedwa Anson, masana ndi usiku. Mphunzitsi ankampatsa njira ya makona atatu, kuti achoke pa bwalo, akafike pa mzinda wakuti, akhotere ku mzinda wina, nabwerere pa mphindi imene iye mwini analonjeza. Ambiri ankasanza m'ndege, pakuti kuwerama pa tebulo ndege ikugwedezeka kutembenuza m'mimba. Koma wosanza ankayenera kupukuta pakamwa ndi kupitiriza kulemba. Wopambana ankabvekedwa phiko lija, nakhala sajeni kapena ofesala.

Koma anali asanathe. Wophunzira ku Gwelo kapena ku Canada anazolowera thambo loyera ndi mizinda yowala usiku. Pobwerera ku Britain ankapeza mitambo, nkhungu, ndi dziko lozimitsidwa nyali zonse chifukwa cha adani. Tsono ankalowa sukulu yina yozolowera mdima. Pambuyo pache ankanka kumene magulu a m'ndege ankapangidwa. Kumeneko oyendetsa, anamulondola, oponya mabomba, a wailesi ndi owombera mfuti ankasonkhanitsidwa m'shedi yaikuru, nauzidwa kuti asankhane okha. Woyendetsa wanzeru ankayamba ndi kufunafuna namulondola wabwino. Gulu likapangana, linkaphunzira pamodzi pa ndege ya mainjini awiri, kenaka pa yaikuru ya mainjini anai. Kuchokera tsiku lolembedwa kufikira ulendo woyamba wa nkhondo pankapita chaka ndi theka kapena zaka ziwiri.

USIKU UMODZI M'NDEGE

M'ndege yaikuru yotchedwa Lancaster munkakhala anthu 7. Namulondola ankakhala kumbuyo kwa woyendetsa, pa katebulo, kuseri kwa nsaru yotchinga kuti kuwala kwa kanyali kache kasaoneke kwa adani. Ulendo unkatenga maola 6, 8, nthawi zina kuposa. Kumwambako kuzizira koopsa ndipo mpweya ndi wochepa, chotero ankapumira m'chophimba kumaso, zala zitauma. Anzache ankaona moto wa mizinga kunja. Iye ankangoumva, maso ali pa mapu.

Pa mphindi zowerengeka ziri zonse ankapeza pamene ndege iri, nawerengeranso mphepo, nalemba. Ambiri ankagawa ulendo m'mphindi 6, pakuti mphindi 6 ndi limodzi la magawo 10 a ola: ndege ya mailosi 200 pa ola iyenda mailosi 20 m'mphindi 6, ndipo masamu otere atheka ndi mutu. Ndege ikakhota pothawa mdani, ankalemba kukhotako ndi nthawi yache. Chimene sichinalembedwe chatayika, ndipo ndege yatayika nacho.

Kuyambira March 1942 analandira chida chotchedwa Gee, chimene chinkamva zizindikiro za wailesi zochokera pa nyumba zitatu za ku Britain, nkusonyeza malo a ndege msanga. Chinali chabwino ndithu, koma pofika August wa chaka chomwecho Ajeremani anali atapeza njira yochisokoneza, kotero kuti pamwamba pa dziko lao chinkagontha. M'January 1943 kunadza chida china, H2S, chimene chinkaonetsa chithunzithunzi cha pansi ngakhale pa mitambo, madzi akuda ndi mizinda yowala. Ichinso chinkafuna munthu wodziwa kale pamene ayenera kukhala, pakuti pa galasi lache mzinda wina ufanana ndi unzache. Ndipo chida chikafa, panatsala pensulo, wotchi ndi nyenyezi.

Pobwera m'mamawa, namulondola ankapereka mapu ndi pepala la zolemba zache kwa mkuru wa anamulondola, amene ankazifufuza mzere ndi mzere. Wolemba zopeka kuti aoneke wakhama ankagwidwa, pakuti manambala onama sagwirizana. Choopsa koposa chinali kunyada: kuona kuti wasokera, nkuchita manyazi kuuza woyendetsa. Safunsa anadya phula. Ndege yopatuka pa gulu la zinzache ndiyo inkagwidwa msanga ndi adani, ndipo yosokera pobwerera inkathera mafuta pa nyanja.

Tisaiwale mtengo wache. Mwa anthu pafupi 125,000 amene anakwera ndege zoponya mabomba za gulu limenelo, 55,573 anafa. Pansinso, m'mizinda imene inaphulitsidwa, anthu wamba miyandamiyanda anataya moyo. Nkhondo si chinthu chosirira, ndipo sitikamba izi kuti tiitamande.

MWANA WA KU FREETOWN

Kapena mufunsa ngati munthu wakuda anaigwirapo nchitoyi. Inde. Nkhondo isanayambe, lamulo linkatsekera anthu osakhala Azungu khomo la uofesala ndi la m'ndege za RAF, koma nkhondo itabuka mu 1939 lamulolo linachotsedwa. Johnny Smythe, wobadwira ku Freetown m'dziko la Sierra Leone mu 1915, anadzipereka, ndipo popeza anali wakuthwa pa masamu anasankhidwa kukhala namulondola. Anali ofesala m'ndege yotchedwa Stirling. M'November 1943 ndege yao inawomberedwa ku Germany. Iye anabvulala, natsika ndi parachuti, nagwidwa, nakhala m'ndende ya asilikali chaka ndi theka. Nkhondo itatha anaphunzira za malamulo ku London, nabwerera kwao kukakhala mmodzi wa akuru a zamalamulo m'Boma la Sierra Leone.

Winanso ndi Ulric Cross wa ku Trinidad, amene anali namulondola m'gulu lija la akatswiri, nayenda maulendo 80 a nkhondo m'ndege yotchedwa Mosquito. Pambuyo pache anakhala woweruza wa Khoti Lalikuru ku Tanzania. Taonani kuti onse awiri, atatsika m'ndege, anapambananso pa nchito yofuna mutu ndi chilungamo. Maphunziro otere satayika.

NANGA MASIKU ANO?

Zinthu zasintha kwambiri. Kuyambira 1995 dongosolo la GPS liri kugwira nchito mokwanira: masetilaiti osachepera 24, ozungulira dziko pa mtunda wa makilomita 20,200, atumiza zizindikiro zimene ngakhale foni ya m'manja imva. Makompyuta a m'ndege achita m'kuphethira kwa diso masamu amene kale ankatenga mphindi zambiri. Chifukwa chache ndege zonyamula anthu sizikhalanso ndi namulondola, ndipo ndege zambiri zatsopano za nkhondo ziri ndi mpando umodzi wokha.

Koma nchitoyi sinafe. Yasintha dzina ndi kukula. Mu 2003 RAF inasiya dzina la navigator, nitenga la Weapon Systems Officer, ndiko kuti ofesala woyang'anira zida. Ku America amtcha Combat Systems Officer, ndipo kuyambira 2010 onse otere a gulu la ndege za nkhondo aphunzira ku Pensacola m'chigawo cha Florida. Munthuyu alondolera njira, ayang'anira rada ndi zida zoponya, ndiponso ateteza ndege ku zida za adani zoifunafuna.

Zomuyenereza zakwera. Ku America ayenera kukhala mbadwa kapena nzika ya dzikolo, akhale ndi digiri ya ku yunivesite, apambane mayeso olembedwa a maofesala, apimidwe thupi mosamala, ndi kutsiriza maphunziro a uofesala. Pamenepo ndipo ayamba sukulu ya ku Pensacola, imene itenga pafupi chaka. Ayamba m'kalasi, nalowa m'makina ofanizira ndege amene ali pansi, nakweranso ndege yophunzitsira yotchedwa T-6. Aphunziranso kudzipulumutsa akagwera m'madzi kapena m'tchire. Atatsiriza apita kukaphunzira ndege yeniyeni imene adzagwiramo nchito, ndipo alonjeza kutumikira zaka 6. Khomo ndi lotseguka kwa akazinso: akazi 5 oyamba anatsiriza maphunziro a unamulondola m'gulu limenelo mu 1977.

Ndipo phunziro la Gee labweranso. Zizindikiro za GPS zifika pansi zitafooka, kotero nzosabvuta kuzitseka kapena kuzinamiza. Kuyambira 2022 ndege ndi sitima zambiri zoyenda pafupi ndi nyanja za Baltic ndi Black Sea zakomana ndi bvuto limeneli. Akuru a nkhondo analiona likudza, ndipo mu 2015 sukulu ya maofesala a pamadzi ya ku Annapolis ku America inayambanso kuphunzitsa kulondolera ndi nyenyezi, kumene inali itakusiya. Chida chiri chonse chotumiza mau m'mlengalenga mdani angachitseke. Chimene chiri m'mutu mwa munthu sangachitseke.

MAU KWA MAFUMU NDI MAKOLO

Maiko ambiri alandira nzika zao zokha pa nchito zotere. Mwana wa kuno wokhumba nchito ya m'ndege za asilikali, khomo lache ndi Malawi Defence Force, imene iri ndi nthambi ya ndege, ndipo zoyenereza zilengezedwa poyera pamene Boma liitana anthu. Musapereke mbuzi, fodya kapena ndalama kwa munthu woyenda m'midzi wolonjeza malo a usilikali. Malo otere sagulidwa.

Tinene zoona: mwa ana a m'mudzi mwanu, ochepa ndithu ndiwo adzakhala m'ndege. Koma taonani zimene namulondola afunsidwa. Masamu osaphonya. Kulemba zoona, pa nthawi yache, ngakhale zikhale zochititsa manyazi. Mtima wodekha pa tsiku la zobvuta. Izi zomwezo ndizo zifunika kwa namwino woyesa mankhwala, kwa woyesa malire a minda, kwa msungichuma wa kalabu ya alimi, ndi kwa mlimi amene alemba m'kabuku tsiku lobzala, feteleza amene wathira ndi matumba amene wakolola. Mlimi wosalemba ali ngati ndege zija za 1941: akhulupira kuti wafika, koma sadziwa kuti waphonya ndi mailosi angati.

Masamu ali ngati nyumba ya njerwa, mzere uli wonse ukhala pa unzache. Mwana wojomba miyezi iwiri chaka ndi chaka, chifukwa cha kuweta ng'ombe, kupalira kapena kusoka fodya, ataya njerwa za pansi, ndipo za pamwamba sizidzakhazikika. Tsono inu mafumu, pa msonkhano wa mudzi funsani kuti ndi ana ati amene sali kunka ku sukulu, ndi chifukwa chache. Inu makolo, madzulo mfunseni mwana wanu, wamwamuna kapena wamkazi, kuti awerengere: ngati njinga iyenda makilomita 12 pa ola, ndipo kumsika ndi makilomita 18, anyamuke nthawi yanji kuti akafike 8 koloko? Akayankha kuti hafu pasiti sikisi, mfunseninso: nanga mphepo ikakhala ya kutsogolo? Akayamba kuganiza, dziwani kuti phunziro loyamba la namulondola walilowa kale.